Msewu Umene Anayeza Bulu

Ine ndayenda. Mukandifunsa dziko limene sindinapondeko, mukhala pansi nthawi yaitali ndikuganiza. Ndagona m'midzi imene mayina ake anatayika m'thumba mwanga ngati mchenga, ndamwa madzi a mitsinje yosawerengeka, ndipo palibe bwana amene angaimirire pagulu n'kunena kuti anandiumba. Ndinadziumba ndekha ndi manja awa. Koma lero sindikamba zonsezo. Ndikamba za msewu umodzi wokha, wa kumapiri kuno kumene ndikukhala tsopano, ndi mmene ndinatsala pang'ono kutaya mkazi chifukwa cha msewuwo.

Zaka sindiziwerenga bwino. Zimandibwerera monga amachitira maloto, china chikubisala kuseri kwa chinzake. Chimene ndimakumbuka n'chakuti kulikonse kumene ndinkafika kunkakhala mphambano, ndipo pamphambanopo pankakhala munthu wondifunsa funso lomwelomwelo.

Koyamba kunali kunkhalango ya anthu ocheka matabwa. Pamphambano ya tinjira tiwiri ndinapeza mkulu wina wa utuchi m'ndevu, atakhala pachitsa, akunola macheka ndi tupa. Anali a Gwedeza.

"Umadziwa ntchito yanji, mphwanga?" anandifunsa osadzutsa mutu.

"Zonse," ndinatero.

"Zonse? Lero Chauta watikumbukira. Lowa m'dzenjemo."

Ocheka matabwa amagoneka chipika pamwamba pa dzenje. Wina amaima pachipikapo, wina m'dzenje, n'kumakokerana macheka. Wa m'dzenje ndiye amadya utuchi. Ine ndinadya utuchi nyengo ziwiri, mwina zitatu, ndipo kunalibe wokoka macheka ngati ine m'nkhalango monsemo. Chimene chinandikoma mtima chinali chingwe. A Gwedeza ankachiviika m'madzi a makala, kuchikunga pachipika kuyambira kumutu mpaka kutsinde, kuchinyamula pakati n'kuchisiya kuti thaa! Pamtengo pankatsala mzere wakuda wowongoka, wopanda manyazi. Mzere umenewo unandilowa mumtima ndipo sunatulukemo msanga.

Tikamapita kukasaka mitengo, a Gwedeza ankandiphunzitsa kuwerenga dziko.

"Za nthaka usamafunse anthu," ankatero. "Anthu amanama akafuna kukukwatitsa mwana wawo. Funsa mitengo. Ukaona misuku yokhayokha, dya masuku upitirire, pansi pakepo ndi mchenga ndi miyala. Koma ukaona mthethe ndi chitimbe, tsekera n'kukubisa mutu, pamenepo vula nsapato. Waponda pankhokwe."

Tsiku lina tinadzuka n'kupeza mitengo ikuluikulu yonse yatha. Panangotsala zitsa ndi dzuwa. A Gwedeza anakulunga macheka m'chiguduli, kundipatsa chingwe chija n'kulowera kwawo. Ine ndinalowera kwina.

Ndinayenda mpaka ndinafika patsinde pa phiri lina pamene anthu ankalima msewu ndi makasu ndi mapiki. Pamphambano panali kapitawo wawo, a Lufeyo, munthu wamfupi wolankhula motsitsa, akumanga matumba awiri a mchenga pamsana pa bulu. Buluyo anali ndi khutu limodzi long'ambika.

"Umadziwa ntchito yanji, mnyamata?"

"Zonse."

"Eya, zonsezo uzisunge kaye. Nyamula zikhomo izi."

Ndinaona zodabwitsa. Pamwamba pa phiri anali atasiyako gaga, ndipo bulu ankadziwa. A Lufeyo anamumasula chingwe n'kumusisita pakhosi, iye n'kuyamba kukwera yekha. Sankalunjika kumene kunali gaga. Ankapita chammbali, kukhota, kubwerera, kuzungulira mwala, ngati munthu wopita kuukwati umene sakuufuna. A Lufeyo ankayenda pambuyo pake, ndipo paliponse pamene bulu waponda kakhumi ankati, "Khoma." Ine n'kukhoma chikhomo.

"Akapitawo," ndinatero tsiku lachitatu, "ine m'thumbamu ndili ndi chingwe. Bwanji osangochikoka kuchokera pansi mpaka pamwamba, tithane nazo? Anthu akulu ngati ife tizitsata mchira wa bulu?"

A Lufeyo anaseka pang'ono. "Bulu sakonda kuvutika. Lole nayonso ndi bulu, kungoti ndi wachitsulo. Pamene bulu wolemedwa wakana, lole idzakana. Nanga madzi? Madzi ukawapatsa njira yowongoka amathamanga, ndipo akathamanga amakumba. Khoma apo."

Ndinanyamula zikhomo nyengo yathunthu, koma mawuwo sindinawanyamule. Atsikana opita kumadzi ankatiseka tikamadutsa pamzere, bulu patsogolo, kapitawo pakati, ine pambuyo. Munthu ngati ine sakanapirira zimenezo. M'mawa wina ndinatsamiritsa zikhomo pamtengo n'kupitirira.

Kenaka kunali tauni ya malole, kumene fumbi silinkagona. Pamphambano ya misewu inayi panali dalaivala wina wamimba yaikulu, Jailosi, atakhala patayala akudya nzimbe.

"Mkulu, umadziwa ntchito yanji?"

"Zonse."

"Ndiye ndiwe amene ndimafuna. Tenga mwala uwu. Tikafika pachitunda ndikati pinga, udumphe, uupinge kutayala lam'mbuyo. Ukachedwa tonse tikakumana kumanda."

Mwala uja ndinayenda nawo maiko atatu. Ndinaphunzira kupakira matumba, kumata matayala, ngakhale kuyendetsa kumene, ndipo Jailosi akadakhala woona mtima akadakuuzani kuti ndinkamuposa. Kutsidya kwa malire ndinaona dziko lathyathyathya ngati mphasa, misewu yake yowongoka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osakhota ngakhale kamodzi. Ndinati mumtima: awa ndiye anthu, awa amadziwa chingwe. Sindinadzifunse ngati m'dzikomo munali phiri.

Tinkafikanso kumidzi ya kumapeto kwa msewu, kumene anthu ankatithamangira ndi madengu. Kupitirira pamenepo, kumene lole siikanafika, tinkamva kuti matimati akudyedwa ndi nkhumba ndipo kabichi akuwolera m'munda. Jailosi ankamenya thupi la lole ndi chikhatho n'kunena kuti, "Mbewu ikakhala m'munda ndi nkhani chabe, mkulu. Imasanduka chuma ikakwera apa."

Lole inatifera m'mudzi wina wa m'chigwa. Jailosi anapita kukasaka chitsulo chimene chinathyoka, ine n'kutsala ndikulondera katundu. Pamphambano ya njira ya kuchitsime ndi ya kutchalitchi panali nyumba, ndipo pabwalo pake mkazi wina wamtali ankasinja. Mtondo wake unali wakuda bii, wa mtengo wa muwanga, waukulu woti amuna atatu ankachita kuitanizana kuti ausunthe. Unali wa malemu mayi ake. Mkaziyo anali Nachisale.

"Inu alendo, mwangoima ngati mtengo wa bendera, mumadziwa ntchito yanji?"

"Zonse, mayi."

"Gwirani musi uwu ndipumeko."

Ndinasinja, chimanga n'kumwazikira nkhuku, mudzi wonse n'kubwera kudzaonerera. Jailosi atabwerera ndi chitsulo chake anandipeza ndikufolera khola la mbuzi la eni ake. Anangondisiyira mwala uja n'kunena kuti, "Sunga, mkulu. Kumene walowaku nakonso kuli zitunda."

Ndinakhala pachikamwini zaka zingapo. Nthaka ya m'chigwa inali itatopa. Minda inagawidwa n'kugawidwanso mpaka wathu unatsala wopyapyala ngati lamba, ndipo mmenemo kaufiti ankachita maluwa ofiira kuposa mmene chimanga chinkachitira ngaiyaye. Ndiye kunabwera mawu akuti mapiri a kumadzulo, amene kuyambira kale anali nkhalango yoletsedwa, mbali yake ina yatsegulidwa kuti anthu osowa minda akakhaleko. Ambiri anaopa. Ine ndinavala nsapato.

Msewu wa galimoto unkathera pamlatho wa patsinde pa phiri, pamene panali kamsika. Kuchokera apo ndinakwera ndi miyendo theka la tsiku, m'kanjira ka osaka uchi, kogwira ndi manja omwe. Poyamba inali misuku yokhayokha. Ndinadya masuku n'kupitirira, monga anandiuzira a Gwedeza. Nditafika pamwamba dziko linagona pansi mwadzidzidzi, lotakasuka, lozizira, nkhungu ikuyenda pakati pa mitengo ngati ng'ombe zoyera. Ndinaona mthethe. Ndinaona chitimbe. Tsekera anandimiza mutu. Ndinalowetsa dzanja m'nthaka mpaka m'chigongono popanda khasu, ndipo inatuluka yakuda, yonunkhira bowa. Chapafupi panali kasupe wa madzi opweteka mano. Ndinavula nsapato.

Nditabwerera ndinalankhula masiku atatu osapuma. Ndinati kumeneko mbatatesi idzakula ngati mutu wa mwana, nyemba zidzathyola mitengo yoyangira, kabichi mmodzi adzakwana maliro onse. Sindinaname, ndipo mabanja khumi ndi awiri anati atsagana nane. Wina anafunsa za msewu.

"Msewu? Amenewo ndi maudindo anga," ndinatero. "Ine ndalima misewu, ndayenda pamisewu ya maiko atatu. Siyirani ine."

Nachisale anamvetsera zonse. Anthu atabalalika anati, "Bambo, ndipita nanu. Koma mtondo utsala."

"Tidzaunyamula anthu anayi pamtengo."

"Mtondo wa amayi sukwera phiri pamapewa a anthu ngati maliro. Udzakwera pa lole, pamsewu wanu mukunenawo. Ukalephera kukwera, ine ndidzautsata."

"Kumeneko mitengo ndi yambirimbiri. Ndidzakusemera wina, woposa uwu."

"Semani. Ine ndizikasinja kwa anzanga ngati mlendo."

Kwawo kwa Nachisale amati kwawo kwa mkazi ndi kumene kuli mtondo wake. Choncho ndinadziwa kuti ndikukwera phiri ndi mkazi wobwereka.

Tinaswa mphanje. Anthu a boma amene anatigawira malo anatilangiza kuti mitengo ya pakasupe ndi ya pamutu pa phiri tisaikhudze, ndipo ine, amene ndinaonapo nkhalango ikusanduka zitsa, ndinaonetsetsa kuti palibe nkhwangwa yofika kumeneko. Mvula inabwera yofatsa, yogwa masiku ambiri. Mbatatesi inachita zimene ndinanena, n'kuwonjezapo zake. Tinkakumba phando limodzi n'kudzaza chidebe. Ndinayenda m'minda ya anzanga manja ali kumbuyo, ndikulandira moni.

Ndiye inafika nthawi yotsitsa. Thumba limodzi pamutu, theka la tsiku kutsika, theka la tsiku kukwera. Amayi anatupa makosi, amuna mawondo. Tinatsitsa zimene tinatha, zotsalazo zinayamba kumera maso m'milu, kenaka kufewa, kenaka kununkha. Fungo la mbatatesi yowola silichoka msanga m'mphuno. Linakhala nafe mpaka chilimwe.

Pa tonsefe, amene sanataye kanthu anali mayi wina wamasiye, a Nasimango, amene ankatsitsa nyemba n'kukweza mchere pa bulu wake. Nditamuona buluyo koyamba ndinaima. Anali ndi khutu limodzi long'ambika. Zaka zinali zitapita zambiri kuti akhale yemwe uja wa a Lufeyo, komabe anandiyang'ana ngati amandidziwa, ndipo ine ndinayang'ana kumbali.

Chilimwe chimenecho ndinatulutsa chingwe cha a Gwedeza. Ndinaimika nsungwi yaitali pamwamba pa phiri, ina pamlatho, n'kukoka mzere pakati pake, chidutswa ndi chidutswa. Unali mzere wokongola, abale. Mabanja khumi ndi awiri analima miyezi itatu, kuzula zitsa, kugubuduza miyala. Msewu unatsika phiri uli chilili ngati mpata wa tsitsi pamutu wopesedwa bwino. Ukaima pamlatho unkauona wonse mpaka kumwamba. Anthu a pakamsika ankaloza n'kumafunsa kuti wapanga ndani, ine n'kumayankha ndisanafunsidwe.

Mmodzi yekha ndiye anaukana. Bulu wa a Nasimango akafika pamene msewu unkayambira, ankaununkhiza, n'kukhotera kutchire kumanzere, kumene ankadzera kale.

"Mayi, chiweto chanuchi n'chosaphunzira," ndinatero. "Tachikonzera msewu wa boma, icho chikufuna minga."

"Mumuuze nokha, achimwene," anatero a Nasimango. "Ine ndinasiya kukangana naye. Amapambana nthawi zonse."

Ndinatumiza uthenga kwa Jailosi, ndipo anabwera, tsitsi litayamba imvi koma mimba ili yomweyo. Anaima pamlatho, kuyang'ana m'mwamba mpaka chipewa chinagwa.

"Mkulu, ichi n'chiyani?"

"Msewu."

"Awa ndi makwerero. Wandiitanira kudzakwera kumwamba ndisanafe?"

Ndinamunyengerera mpaka analola kuyesa, lole ili yopanda kanthu. Inakwera pang'ono ikulira ngati ng'ombe yophedwa, utsi uli tolotolo, kenaka inaima, kenaka inayamba kubwerera. "Pinga!" anakuwa Jailosi. Ndinadumpha ndi mwala wanga uja n'kuupinga, lole n'kuudumpha, ndinapinganso, n'kugwira. Tinaitsitsa chambuyo pang'onopang'ono, anthu onse a kuphiri akuonerera. Pamlatho Jailosi anapukuta nkhope.

"Iwe unandipingira tayala zaka zonse zija, sunaphunzire kuti lole imaopa chiyani? Ine ndili ndi ana, mkulu. Usadzandiitanenso."

Mvula itabwera, madzi a phiri lonse anapeza njira imene ndinawakonzera. Anathamanga, ndipo atathamanga anakumba. Pofika pakati pa dzinja msewu wanga unali chigwembe chakuya kuposa msinkhu wa munthu, chofiira ngati bala. Chinadya m'mbali mwake, n'kumeza munda wa nyemba wa Nachisale, umene unali m'mphepete, pamodzi ndi mitengo yoyangira. Mabanja atatu anamanga katundu n'kutsika.

Nachisale sanakalipe. Anaima pamphepete pa chigwembe nthawi yaitali, akuyang'ana pamene panali nyemba zake. Titafika kunyumba anatenga chitenje, kukulungamo zovala zake, kumanga mfundo ziwiri n'kupachika phukusilo kuphaso, pamwamba penipeni pa khomo.

"Bambo, mbatatesi ili m'mundayi ikawoleranso kuno, ine nditsika. Sindikukuopsezani. Ndikungokuuzani kuti musadzati sindinanene."

Kuyambira tsiku limenelo, polowa ndi potuluka ndinkawerama pansi pa phukusi lija.

M'mawa wina ndinatsikira kumlatho popanda chifukwa chenicheni, mwina kukayang'ana ngati msewu wa galimoto unasendera pafupi. Pobwerera nkhungu inatseka phiri. Chigwembe sichinkakwereka, kanjira ka osaka uchi sindinakaone. Ndinaima pakati pa zoyera zokhazokha, osadziwa kumene kuli kumwamba. Ndiye ndinamva ziboda, kwapu, kwapu, ndi kulira kwa zingwe zomangira katundu. Patsogolo panga panadutsa mchira. Ndinautsata, chifukwa panalibe china choti n'kutsata.

Tinayenda chammbali. Tinakhota. Tinabwerera ngati taiwala kanthu, n'kukhotanso. Pansi panali pouma bwino, kanjira kakang'ono kopanda ngakhale kamng'alu ka madzi, ngakhale mvula inagwa miyezi itatu. Sindinapume wefuwefu, sindinagwire muzu ndi dzanja. Ndinkangoyenda monga munthu amayendera m'tulo, ndikumva fungo la mchere ndi la thukuta la bulu, ndipo m'khutu mwanga munthu wolankhula motsitsa ankati, khoma, khoma. Ndinkayembekeza kuti chitunda chiyamba posachedwa. Nkhungu itang'ambika ndinaona kasupe wathu ndi denga la nyumba yanga. Phiri linali litatha osandiuza.

Pamphambano ya kanjirako ndi njira ya kukasupe, a Nasimango anali atakhala pamwala kudikira bulu wawo, amene anamusiya kuti abwere yekha. Anayang'ana bulu, n'kuyang'ana ine pambuyo pake.

"Achimwene, paja inu mumadziwa ntchito yanji?"

Mawu aja anafika pakamwa mwachizolowezi, ndinawameza.

"Kunyamula zikhomo," ndinatero.

"Basi?"

"Basi, mayi. Mundibwereke mphunzitsi wanuyu."

Nditawauza anzanga, bambo wina wa nthabwala anati, "Chaka chatha tinatsata munthu wodziwa zonse. Chaka chino titsate bulu. Anthuni, tikukwera maudindo!" Anaseka mpaka ena anagwira nthiti, ine ndinaseka nawo, pakuti panalibe pothawira. Koma mbatatesi inali ikukhwima m'minda ya tonsefe, ndipo m'mawa mwake makasu anatuluka.

Tinachita monga ankachitira a Lufeyo. Tinamutengera bulu kumlatho, kumusenzetsa matumba awiri olemera, gaga tinasiya pamwamba, n'kumumasula. Iye patsogolo, ine pambuyo ndi mtolo wa zikhomo. Akaponda kakhumi, ndinkakhoma. Akaima kuti adye udzu, ndinkaima. Ana a pakamsika anamupatsa dzina loti Injiniya, ndipo ine ankanditcha mlembi wake. Pamakona ndinkakulitsa ndekha, chifukwa ndinkadziwa malo amene lole ya Jailosi imafuna kuti itembenuke, ndipo pamenepo ngakhale Injiniya sakanandiphunzitsa. Kumbali ya phiri tinakumba ngalande, n'kumaipatulira kutchire pafupipafupi kuti madzi asapeze liwiro. M'mphepete tinabzala nsenjere. Msewu unatuluka wautali katatu kuposa wanga uja, wokhotakhota ngati matumbo a nkhuku. Ukaima pamlatho sunkauona n'komwe.

Nachisale ankabwera ndi khasu lake tsiku lililonse, n'kulima kuposa amuna awiri.

"Mayi, ndaona kuti msewu uwu waukonda," ndinamuyesa tsiku lina.

"Ndikulima poti ndidzatsikire bwino," anatero osaimitsa khasu. "Chigwembe chanu chija chingandithyole mwendo."

Tinamaliza mbatatesi ili kale m'milu, yofunditsidwa udzu, ina itayamba kutulutsa timaso toyera. Masiku anali otsala ochepa. Sindinatume munthu, ndinapita ndekha kutauni ya malole. Jailosi ndinamupeza patayala lomwe lija.

"Ndinati usadzandiitanenso."

"Ndi msewu wina."

"Wayeza ndani? Iwe?"

"Bulu."

Analavula khoko la nzimbe n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Bulu weniweni, wa miyendo inayi?"

"Wa khutu long'ambika."

"Ukananena kale. Kwera."

Ndinakhala pambali pake mwala uli pamiyendo, dzanja lili pachitseko, kudikira mawu aja. Lole inawoloka mlatho, kukhotera kumanzere n'kuyamba kuyenda chammbali. Inang'ung'udza modekha ngati munthu woimba nyimbo ya kumunda. Misuku inadutsa, kona inabwera n'kupita, inanso, inanso. Jailosi anatulutsa chigongono pawindo. Ndinadikira, ndinadikira, mpaka ndinaona mthethe, ndi anthu akuthamanga kuchokera m'minda, amayi akululutira. Mawu oti pinga sanatuluke. Jailosi anazimitsa injini pafupi ndi kasupe n'kunena kuti, "Injiniya ameneyo ali kuti? Ndikufuna ndimugwire chanza."

Tinapakira mpaka dzuwa linapendeka, ndipo milu inali ikadalipo ya maulendo ena anayi. Ndili pamwamba pa matumba ndikumanga zingwe, ndinaona Nachisale akutuluka m'nyumba. Phukusi lija linali pamutu pake. Anayenda pakati pa anthu osayang'ana kumbali, kutsegula chitseko cha lole n'kukhala pamalo panga.

Ndinatsika. "Nachisale, mbatatesi sinawole."

"Ndaona."

"Nanga phukusili?"

"Mbuzi muzizimwetsa masana, bambo. Yaikazi ija isamadye nsenjere za pamsewu."

Lole inatsika n'kubisika pakona yoyamba. Ubwino wa msewu wowongoka ndi umodzi wokha: munthu amene akukusiya umamuona mpaka pansi. Uwu unangondisiyira kulira kwa injini, kukumveka uku, kenaka uko, kenaka zii.

Masiku atatu ndinamwetsa mbuzi. Polowa m'nyumba ndinkaweramabe, ngakhale kuphaso kunalibe kanthu. Ine amene ndagona m'maiko atatu popanda kusowa munthu, ndinapezeka ndikulankhula ndi bulu wa eni ake. A Nasimango ankadutsa n'kunena kuti, "Musamutopetse ndi mafunso, achimwene, ntchito yake anamaliza."

Tsiku lachinayi injini inamveka pansi pa phiri. Ndinakaima pakona yomaliza. Kulira kunapita kumanzere, kubwerera kumanja, kusowa, kumvekanso. Pamenepo ndinautukwana msewu uja chifukwa cha kutalika kwake. Kenaka mphuno ya lole inatulukira. Kutsogolo kunali Jailosi yekha. Lole itandidutsa ndinaona kumbuyo: pakati pa matumba opanda kanthu panaima chinthu chakuda bii, chomangidwa zingwe zinayi ngati ng'ombe yolusa, ndipo pambali pake, dzanja lili pamlomo pa mtondowo kuti usagwedezeke, panakhala Nachisale, fumbi lili m'nsidze.

Ndinathamanga pambuyo pa lole mpaka pakasupe. Amuna awiri anakwera kukamasula zingwe. Nachisale anaimirira, kukonza chitenje n'kundiyang'ana kuchokera pamwambapo.

"Inu abambo mwangoima apo, mumadziwa ntchito yanji?"

Ndinayang'ana msewu, ndinayang'ana mbatatesi, ndinayang'ana mtondo.

"Zonse," ndinatero.

"Ndinadziwa kuti simunachire. Gwirani kutsindeku, ndipo mukaugwetsa mubwerera nawo nokha."

Sindinaugwetse. Uli pabwalo mpaka lero, ndipo m'mawa kukakhala nkhungu, anthu okwera ndi msewu amayamba kumva kusinja asanaone nyumba. Mabanja atatu aja anabwerera, n'kubwera ndi ena. Chigwembe tinachibzala nsungwi, chikupola pang'onopang'ono. Mwala uja ndi umene timatsekera chitseko cha khola.

Alendo akafika pamwamba pano osatuluka thukuta, amafunsa kuti msewu wabwino chotere anapanga ndani. Ndimawauza zoona, kuti ndine. Pa onse amene anayenda pamzere woyeza msewu umenewu, kuyambira pamlatho mpaka pakasupe, ine ndinali wachiwiri kuchokera kutsogolo.